BOTI LA PAMTUNDA NDI MASEKONDI ATATU AMENE AKUNDIKANA

 Uthengawu ndi wautali, ngati foni yatsala pang'ono kuzima pitani kaye mukatchaje.

Ambiri mwakhala mukundifunsa za chinthu chija chili pa shedi yanga kuseri kwa mainjini, chimene ana akuchitcha boti la misala. Wina mpaka anakauza mayi anga kuti mwana wanu wayamba kupalasa pamtunda, thukuta kamukamu koma osasuntha, mukamuonetse kwa a shehe zisanafike poipa. Ndiye ndati ndifotokoze kamodzi, kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira uthenga womwewu.

Nkhaniyi inayambira pa nyanja, mu Julaye chaka chatha, nthawi ya mwera.

Bambo anga anandiuza kuti ndikwere nawo usiku umenewo chifukwa injini yawo, Yamaha ya 15, ndinali nditangoitsuka kabuleta masana ake. Tinali anthu anayi m'boti. Petulo ndinagula ndine, wa m'chigubu, ndipo sindinamusefe. Ndinene poyera kuti mlandu unali wanga, ine amene tsiku lililonse ndimakalipira makasitomala za petulo wamadzi. Cha m'ma 2 koloko usiku injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinakoka chingwe mpaka chikhatho kutentha. Ndinachotsa mapulagi, kuwapukuta, kukhetsa kabuleta tochi ili m'kamwa, boti likuvina, sipanala ikuthawathawa pansi. Inalira kamodzi n'kuzimanso. Apo mwera unali utayamba kukula, ndipo magetsi a kumtunda ankaoneka kuti akutisiya.

Bambo anangoti, "Siya zimenezo, tenga nkhafi."

Nkhafi zinalipo ziwiri. Ndinatenga imodzi ndi mtima wonse, manyazi ndi mantha zitasakanikirana. Ndinkamenya madzi ngati andilakwira. Ndinkati ine ndi mnyamata, ndimanyamula injini ya 40 paphewa kuchoka pa doko kufika pa shedi, nkhafi ndi chiyani? Theka la ola lisanakwane manja anali atafa. Zala sizinkathanso kufumbata. Ndinasanza kawiri, n'kupereka nkhafi kwa mnzathu wina, ine n'kukhala wokapa madzi ndi chigubu chodula, ntchito ya mwana wa zaka 10. Anzathu awiri aja ankasinthana mbali imodzi. Mbali inayo bambo anga, munthu wa zaka zopitirira 60, sanasinthane ndi wina aliyense mpaka kunja kunacha. Tinakatulukira kumpoto kwenikweni, pafupi ndi malire a Mozambique.

Kufika kunyumba bambo sananene kanthu. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Anangosamba, kumwa tiyi, n'kugona. Koma ine ndinakhala masabata ndikudzifunsa funso limodzi: usiku uja m'boti mukanakhala ine ndi ana awiri basi, bwenzi pano akutiwerengera kuti?

Mu Seputembala anandiitana ku loji ina cha ku mbali ya Monkey Bay kukakonza injini ya boti la alendo. Ndikufunafuna poika zida m'chipinda chosungiramo katundu ndinaona chinthu chachitali, chafumbi, chokhala ndi njanji, kampando koyenda, tcheni ndi kasikirini. Pambali panalembedwa kuti Concept2. A manijala anati ndi makina opalasira a mu jimu, anafa kalekale, akungodikira ogula zitsulo. Ndinakoka chogwirira chake, tcheni chinatuluka koma osabwerera. Ndinasuzumira m'kati, mtima wa umakaniki unandiuza kuti ichi sichinafe, changokomoka. Ndinawauza kuti pa ndalama yanga adulepo gawo, andipatse chimenechi. Anavomera mofulumira kwambiri moti ndinayamba kukayika ngati sindinadzibere ndekha.

Mwayi wake chimagawika pawiri. Ndinaoloka nacho mlatho wa Bakili Muluzi, kenako pa matola msewu wathu uja wa Malindi ndi Lungwena, umene nonse mukuudziwa kuti umaphwanya ngakhale chinthu chabwinobwino. Kondakitala anandilipiritsa ngati ndatenga anthu awiri.

Kukonza kunanditengera masabata awiri, madzulo ndikaweruka. Tcheni chinali ndi dzimbiri, ndinachiviika mu dizilo n'kuchithira oyilo. Chingwe chotamuka chimene chimabweza tcheni chinali chitatha mphamvu, ndinayamba ndamangirira legeni mpaka msuweni wanga wa ku Johannesburg atanditumizira chenicheni. M'kasikirini mabatire anali ataphulikiramo, tizitsulo tonse tobiriwira. Ndinapala ndi sandipepa, kuikamo mabatire awiri akuluakulu a tochi, ndipo tsiku limene manambala anayaka ndinakuwa ngati Bullets yagoletsa.

Kwa amene simunafike pa shedi, chinthuchi chimagwira ntchito chonchi. Umakhala pa kampando, mapazi n'kuwamangirira, n'kugwira chogwirira. Ukakoka, tcheni chimazunguza gudumu lokhala ndi mapiko ngati fani. Mapikowo amalimbana ndi mphepo monga nkhafi imalimbanirana ndi madzi: ukakoka mwamphamvu, nakonso kulemera kumakula. Sichifuna magetsi a ESCOM. Anachipanga ndi anthu awiri apachibale, Dick ndi Peter Dreissigacker, ku Vermont ku America. Anayamba ndi kupanga nkhafi mu 1976, ndipo mu 1981 anatulutsa makina awo oyamba pogwiritsa ntchito gudumu la njinga. Kwawoko m'nyengo yozizira madzi amaundana, ndiye opalasa amafuna pochitira masewera m'nyumba. Nditamva za gudumu la njinga lija ndinati awa ndi anzathu, amakaniki a pansi pa mtengo.

Mtunda umene dziko lonse limayezera ndi mamita 2000, womwewo umene maboti amapikisana ku Olympics. Ndipo nambala yaikulu pa kasikirini amaitcha split, kutanthauza nthawi imene ungatenge kupalasa mamita 500 ukapitiriza mmene ukukokeramo. Ikalemba 2:00 ndiye kuti mphindi ziwiri pa mamita 500 alionse, mamita 2000 umaliza mu mphindi 8. Nambalayo imasintha pa kukoka kulikonse. Ukanyengezera imakuulula nthawi yomweyo, anthu akuona.

Tsiku langa loyamba ndinachita ndendende zimene ndinachita pa nyanja usiku uja. Pambali pa fani pali kachitsulo kotsegulira mphepo, amakatcha damper, kali ndi manambala 1 mpaka 10. Ndinati mwamuna amaika pa 10. Ndinayamba ngati akundithamangitsa. Mamita 500 oyamba 1:49, anyamata a pa doko akuimba mluzu. Achiwiri 2:08. Achitatu 2:17. Omaliza 2:27, maso akuchita mdima, msana ukulira. Zonse pamodzi 8:41. Ndinagwera pa mchenga ngati kampango wa dzulo. Ndili chigonere ndinaseka ndekha, chifukwa manambala anayi amenewo ndi nkhani yonse ya mwera uja, atangoilemba mwachidule.

Cholakwa choyamba chinali damper. Ine ndinkaganiza kuti 10 ndiye liwiro lalikulu. Ayi. Aliyense amene anasinthapo propela andimvetsa. Ukatenga propela yolemera n'kuiika pa injini yaing'ono, boti silithamanga, injini imangobuula, kutentha, n'kumwa petulo. Damper ya 10 imalowetsa mphepo yambiri, fani imachedwa msanga ukangosiya kukoka, ndiye kukoka kulikonse umakhala ngati ukuyambitsa boti lodzaza matumba a chimanga. Opalasa enieni ambiri amaika pakati pa 3 ndi 5. Nditatsitsira pa 4 poyamba ndinkaona ngati ndikukoka mphepo chabe, kufikira nditazindikira kuti pamenepo kulemera uyenera kukupeza wekha, ndi liwiro limene wayambira kukankha.

Ndati kukankha, osati kukoka, ndipo ichi ndiye chachiwiri. Ife tinakulira pa bwato. Pa bwato umayang'ana kutsogolo, miyendo ili phee, ntchito yonse ili m'manja, m'mapewa ndi m'chiuno. Thupi langa linazolowera zimenezo. Pa makinawa mphamvu yoposa theka imachokera m'miyendo. Dongosolo lake ndi ili: miyendo ikankhe kaye manja ali owongoka ngati zingwe, kenako msana ubwerere m'mbuyo pang'ono, manja n'kumalizitsa pofika pansi pa chifuwa. Pobwerera ndi mosemphana: manja atsogole, msana utsatire, mawondo apindike pomaliza. Ndinaonera mavidiyo pa YouTube usiku netiweki ikakhala ndi chifundo, n'kumadzijambula ndi foni nditaitsamiritsa pa thanki. Nditadziona koyamba ndinachita manyazi. Ndinkapinda zigongono msanga, msana utakhota ngati nkhokwe yakugwa. Zinanditengera mwezi wathunthu kuti manja avomere kudikira. Kungokonza ziwirizi, osawonjezera mphamvu ina iliyonse, nthawi inatsika kufika 8:02, kenako 7:38.

Pa 7:38 ndinaima. Miyezi iwiri.

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri a inu amene mwayamba kubwera pa shedi muli. Ndinkachita chiyani? Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkakhala pa makina n'kuyesa mamita 2000 ndi mphamvu zonse. Lolemba 7:40, Lachiwiri 7:43, Lachitatu 7:39, Lachinayi ndalephera kumaliza. Ndinkati vuto ndi mtima wofooka, mawa ndilimbe. Thupi linayamba kuwawa paliponse, tulo osabwera, ndipo ndinafika poti ndikayang'ana kampando kaja m'mimba mumatembenuka. Ine amene ndimauza anthu kuti injini yatsopano suipatsa moto wonse tsiku loyamba, ndinkadzipatsa moto wonse masiku asanu ndi limodzi pa sabata.

Mu Disembala, nthawi yotseka nyanja, bambo anali ndi mpata ndipo ankabwera kudzakhala pa shedi kusoka maukonde. Masiku angapo ankangondiyang'ana ndi diso limodzi. Tsiku lina nditatsika, ndikupuma ngati galu, anati, "Tachoka, ndione boti lakoli."

Anapinda buluku, kukhala pa kampando, ine n'kuwamangirira mapazi. Ndinayamba kuwafotokozera za split, iwo anavula kofia n'kuiveka kasikirini. Anayamba kupalasa. Kunena zoona kapalasidwe kawo sikanali ka m'mavidiyo, miyendo ankaigwiritsa ntchito theka. Koma kayendedwe kake ndi kamene kanandigwira. Akagwira, amagwira zolimba, fani n'kulira mozama. Pobwerera osathamanga m'pang'ono pomwe, ngati munthu amene akudikira boti limalize kuyenda lisanafune nkhafi ina. Akupalasa choncho ankacheza ndi mnzawo za mtengo wa usipa ku Limbe. Anapita mphindi 20. Nditasuzumira kunsi kwa kofia ndinaona kuti akukoka ka 18 pa mphindi, pamene ine ndinkakoka ka 32, ndipo split yawo sinkasuntha, ngati yajambulidwa.

Atatsika ndinawafunsa kuti, "Bambo, simunatope?"

Anati, "Ndikanatopa ndi chiyani? Iwe umafuna kufika usananyamuke. Usiku uja ndinakuona, nkhafi zako khumi zoyamba ndinadziwa kuti uyu tikhala naye wokapa madzi."

Aka kanali koyamba kutchula za usiku uja, patatha miyezi isanu. Anatenga kofia yawo n'kubwerera ku ukonde.

Chodabwitsa n'chakuti nditafufuza ndinapeza kuti akatswiri a masewerawa amachita zomwezo. Gawo lalikulu la masiku awo amapalasa mtunda wautali modekha, kukoka ka 18 kapena 20 pa mphindi, pa liwiro loti munthu angathe kuyankhula. Masiku olimba amakhala ochepa, ndipo kuyesa mamita 2000 ndi mphamvu zonse amachita mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chakuti mpikisano wa mphindi 7 suli ngati kunyamula injini paphewa. Mphamvu yake yambiri imachokera mu mpweya umene mtima ndi mapapo zikutumiza ku minofu. Kupalasa kwautali kuja ndi kumene kumakulitsa pampu imeneyi. Ine ndinali ndi mapisitoni abwino koma paipi ya mafuta yopyapyala.

Ndiye ndinasintha. Masiku anayi pa sabata, m'mawa ndikachoka ku mzikiti dzuwa lisanatenthe, mphindi 40 mpaka 50 modekha, split pakati pa 2:12 ndi 2:18. Kuti ndisadzinamize ndimaimba kapena kuyankhula. Ndikalephera kumaliza chiganizo ndiye kuti ndathamanga. Ndikuuzeni, kupalasa pang'onopang'ono anyamata akukuonera n'kovuta kuposa kupalasa mwamphamvu. Amati mdala watha, wakalamba asanakwatire. Ndinatengera bambo, ndimaveka kasikirini kansalu n'kumangoyang'ana mphindi zisanu zilizonse.

M'mwezi wa Ramadan ndinachepetsa. Masana sindinkakhudza makina, chifukwa kuno kutentha kwake mukukudziwa ndipo thukuta limene umataya pamenepa si lamasewera. Ndinkapalasa mphindi 30 usiku, patapita nthawi kuchokera pofutulu. Ndinkaopa kuti zonse zibwerera m'mbuyo. Itadutsa Eid ndinapuma masiku awiri n'kuyesa: 7:19. Masekondi 19 anachoka m'miyezi imene sindinayese ngakhale kamodzi.

Kuchokera apo ndinawonjezera tsiku limodzi lolimba pa sabata, nthawi zina awiri. Sabata ina mamita 500 kasanu ndi katatu, kupuma mphindi zitatu pakati. Sabata inayo mamita 1000 kanayi, kupuma mphindi zisanu. Lamulo lake ndi limodzi: chigawo chomaliza chisachedwe kuposa choyamba. Ukayamba ndi 1:40 n'kumaliza ndi 1:55 wangodzionetsa, sunaphunzire kanthu. Zonse ndimalemba m'kope lomwe lija la ngongole za makasitomala, kuyambira kumbuyo. Mu Juni ndinafika 7:11.

Kenako malungo. Sabata imodzi pa mphasa, mankhwala, kusowa chilakolako cha nsima. Nditadzuka ndinapupuluma, ndinayesa patangotha masiku asanu, 7:26 ndipo mutu unazungulira tsiku lonse. Musadzachite zimenezo. Zinanditengera masabata asanu ndi limodzi kubwerera pamene ndinali, ndipo neti ija ndinkaiona ngati yotentha pano ndimagonamo osakakamizidwa.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chimene masekondi amavutira ukamatsika, chifukwa ichi chinandisangalatsa ngati makaniki. Kasikirini kamathanso kuonetsa mphamvu mu ma watt. Pa split ya 2:00 umatulutsa ma watt 203. Pa 1:45, imene ndi mphindi 7 pa mamita 2000, umafunika 302. Taonani bwino. Kuti uchotse mphindi imodzi yokha pa zisanu ndi zitatu, mphamvu iyenera kukwera ndi theka lathunthu. Makinawa anawapanga motsanzira madzi, ndipo madzi ndi otero: kuti liwiro liwirikize kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake mwini boti akachotsa 15 n'kuika 40 amadabwa kuti ku Senga Bay sakufika mu theka la nthawi, koma chigubu chikutha ngati chabooka. Kwa zaka ndakhala ndikuwauza zimenezi ndi pakamwa. Pano ndazimva m'ntchafu.

Ndipo pali china chotsitsa munthu. Mu 2018 Josh Dunkley-Smith wa ku Australia anapalasa mamita 2000 mu 5:35.8, kuphwanya mbiri ya 5:36.6 imene Rob Waddell wa ku New Zealand anaika mu 2008. Onani, zaka khumi kuti dziko lonse lichotse sekondi yosakwana n'imodzi yomwe. Nditawerengera, chimphona chimenecho chinkatulutsa ma watt pafupifupi 590. Hosipawa imodzi ndi ma watt opitirira 700. Ndiye kuti ngakhale iyeyo sanakwane hosipawa imodzi. Yamaha ya bambo ija, imene timainyoza kuti ndi yaing'ono, ndi anthu ngati ine oposa 35 akupalasa limodzi osatopa. Mukamakwera boti usiku muziipatsa ulemu injini, ndipo muzisefa petulo.

Loweruka lapitali ndinayesanso. Cholinga chinali kutsika pansi pa mphindi 7. Ndinagona bwino, ndinadya mpunga madzulo ake, m'mawa tiyi ndi chinangwa pang'ono. Ndinatsuka fani chifukwa fumbi la kuno likadzaza m'kati kulemera kwake kumasintha. Panali anyamata asanu ndi mmodzi ndi ana osawerengeka.

Mamita 500 oyamba ndi achinyengo. Thupi limamva kupepuka, 1:40 imaoneka ngati yaulere, ndipo mawu ena m'mutu amati lero ndi lero, pita. Ndinawakana, ndinagwira 1:44.5. Achiwiri mpweya umayamba kulemera koma umadziwa chimene ukuchita: 1:45.6. Vuto ndi achitatu. Amene munayesapo mukudziwa. Wapita kutali moti ntchafu zikuyaka, koma kumtunda sikukuoneka. M'kamwa mumamveka ngati wanyambita chitsulo. Pamenepo mutu umayamba kukambirana nawe mwaulemu kwambiri: bwanji ungotsitsa pang'ono, ukabweza kumapeto, ndani akukukakamiza, mwina lero si tsiku lake. Sindinasiye, koma ndinamvera pang'ono. Kukoka khumi, mwina khumi ndi kuwiri, nambala inakwera kufika 1:51 ndisanaibweze. Chigawo chimenecho chinatha 1:48.1. Omaliza ndinatseka maso, ndikumva ana akukuwa manambala, 1:45.0.

Zonse pamodzi 7:03.2.

Anyamata anati wayesetsa aise, masekondi atatu ndi chiyani. Ndinawerengera usiku ndili m'neti. Pa liwiro limenelo masekondi atatu ndi mamita 15, maboti awiri kuwandondozanitsa. Mu mpikisano wonse ndimakoka pafupifupi ka 210. Ndiye kuti pa kukoka kulikonse ndikuperewera masentimita 7. Kausipa kamodzi. Kausipa kamodzi pa nkhafi iliyonse, ka 210, ndipo ndikudziwa bwinobwino pamene ndinatayira tonseto: pakati pa mamita 1100 ndi 1300, pamene ndinavomera kukambirana.

Ndisakunamizeni kuti makinawa andisandutsa msodzi. Ndinawauza bambo za 7:03, iwo anafunsa kuti, "Mafunde analipo?" Ndinati ayi. "Mdima?" Ayi. "Ukanasiya pakati bwenzi utamira?" Ndinati ayi. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusoka. Akunena zoona. Pa shedi palibe mwera wokutembenuzira boti, palibe kuwerenga nyenyezi kapena phiri kuti udziwe kumene ukulowera, ndipo nkhafi ya mtengo imafuna mapewa ndi zikhatho zimene kampando koyenda sikangakupatse. N'chifukwa chake Lamlungu lililonse nyanja ikakhala bata ndimabwereka bwato la a malume n'kupalasa ola limodzi m'mbali mwa gombe. Chimene ndaona n'chakuti mpweya sundithera ngati kale, ndipo ndikagwira nkhafi sindiyambanso ngati wolumidwa ndi njuchi. Ngati zimenezi zingakwane usiku wa mwera, nyanja sinandifunsebe. M'boti la bambo pano muli nkhafi zinayi, ziwirizo ndinagula ndine, pamodzi ndi kansalu kosefera petulo kamene ndinamangirira pa thanki.

Koma sabata yatha, ndikupalasa zanga zodekha m'mawa, ndinawamva akuuza mnzawo kuseri kwa shedi kuti, "Pano wayamba kudikira boti." Sankadziwa kuti ndikumva.

Pa khoma la shedi ndapachika thabwa, tikulemba ndi choko. Pali mayina 14 tsopano. Wachiwiri kwa ine ali pa 7:31, mnyamata wokoka chilimira amene sanamvebe za damper, tsiku limene adzamve ndili pa mavuto. Atsikana awiri a ku sekondale akubwera Loweruka, mmodzi kapalasidwe kake ndi koyera kuposa tonsefe chifukwa sanabwere ndi matama a m'manja. Wina aliyense ndi wolandiridwa, kulipira kulibe, koma mabatire akatha tizisonkherana. Malamulo ndi awa: sambani mapazi, mchenga ukudya mawilo a kampando. Chogwirira musachitaye chikamenye fani, chibwezeni bwinobwino. Damper ikhale pa 4, ndikakupezani pa 10 mukatsuka mapulagi. Ndipo sabata yanu yoyamba mamita 2000 simuyesa, mupalasa mphindi 20 mukundiuza nkhani.

Ine ndiyesanso Loweruka lomaliza la mwezi wamawa, 6 koloko m'mawa kusanatenthe. Ndikufuna munthu mmodzi wa mawu akulu adzaime kumbuyo kwanga. Asadzakuwe poyamba, poyamba sindifuna thandizo. Adzadikire kasikirini kakalemba kuti kwatsala mamita 900.